Odira wawina ku Tokyo ndi 1:54.62, nanga Caster Semenya analakwanji?

MayiWaSipoti
Abale anga pagulu pano, pali nkhani yomwe yandikhala pakhosi kuyambira Lamlungu. Nditangofika kuchokera kutchalitchi, ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndinapeza ana akuonera fainolo ya mamita 800 ya amayi pa mpikisano wa dziko lonse wa 2025 ku Tokyo. Lilian Odira wa ku Kenya anatulukira kumbuyo pomaliza penipeni n'kupitirira atsikana awiri a ku Britain, Georgia Hunter Bell ndi Keely Hodgkinson. Nthawi yake 1:54.62. Ndinalulutira mpaka aneba anasuzumira pa mpanda.

Chisangalalo chitazizira ndinatenga kope langa lomwe ndimalembamo nthawi za othamanga, mtima n'kundiwawa. Caster Semenya wa ku South Africa anawina ku Berlin mu 2009 ndi 1:55.45, ku Rio mu 2016 ndi 1:55.28, ku London mu 2017 ndi 1:55.16. Ku Tokyo atatu onse oyambirira atsika pansi pa 1:55. Ndiye kuti nthawi zomwe Caster ankatengera golide, Lamlungu lapitali sizikanamupatsa mendulo iliyonse. Nanga bwanji ankatiuza kuti mkazi sangapikisane naye? Anamuchotsa pa mtunda wake mu 2019 ndi lamulo loti homoni ya testosterone ndi yochuluka m'thupi mwake, ali ndi zaka 28, mphamvu zili pachimake. Pano kuyambira pa 1 September 2025, mtsikana aliyense wofuna kuthamanga pa mpikisano wa dziko lonse ayenera kuyezedwa kaye kuti adziwike ngati ali mkazi. Ine ndaphunzitsa atsikana kuthamanga kusukulu zaka 16 tsopano. Ndithandizeni, mwina pali chomwe sindikuchiona.

Kamtedza77
Analakwa kubadwira kumudzi ku Limpopo, basi. Akanakhala mzungu wa tsitsi lalitali nkhani imeneyi sikanafika kukhothi.

Liwiro800
Amayi, ndikupatsani ulemu pa ntchito yomwe mumagwira, koma kuyerekeza kwanuko kuli ndi polakwika. Ine ndinathamangapo mtunda umenewu zaka zisanu ndi ziwiri. Fainolo ya mendulo si mpikisano wolimbana ndi wotchi, umalimbana ndi anthu amene ali pambali pako. Caster ankawina ndi 1:55 chifukwa 1:55 inali yokwanira tsiku limenelo. Onerani fainolo ya ku Rio ija: akulowa mamita 150 omaliza amangosintha giya, enawo nkhope zitakwinyika, iye osatekeseka. Atafuna kuthamangira nthawi ku Paris mu 2018 anachita 1:54.25, popanda wina womutsogolera. Kuchokera kumapeto kwa 2015 mpaka 2019 palibe anamugonjetsa pa mamita 800. Komanso musaiwale nsapato. Zomwe atsikana akuvala pano zili ndi chofewa chochita ngati sipuling'i pansi pake, nthawi zatsika pa mitunda yonse, ya amuna ndi ya akazi yomwe.

Chomwe chinagwedeza anthu si Caster yekha. Ku Rio golide anatenga iye, siliva Francine Niyonsaba wa ku Burundi, wachitatu Margaret Wambui wa ku Kenya, ndipo onse atatu anadzakhudzidwa ndi lamulo la testosterone lija. Chibadwa chosowa chonchi, mendulo zitatu zonse? Melissa Bishop wa ku Canada anathamanga 1:57.02, kuposa mmene anathamangirapo moyo wake wonse, n'kubwerera kwawo chimanjamanja ali wachinayi. Iyenso ndi mwana wa munthu.

Kamtedza77
Mwatchula wachinayi, tchulaninso wachisanu. Joanna Jóźwik wa ku Poland anauza atolankhani kuti akusangalala poti anali woyamba mwa a ku Ulaya komanso wachiwiri mwa azungu. Mukufuna umboni winanso?

Liwiro800
Anayankhula zonyansa, sindingamuikire kumbuyo. Koma pakamwa poipa pa munthu mmodzi sipasintha zomwe mahomoni amachita m'thupi, achimwene.

MphunzitsiOpuma
Pepani ana anga, ine ndatsalira. Wina andifotokozere mwachichewa chomveka. Mwanayu ndi wamwamuna amene anadzisandutsa mkazi kapena bwanji? Kuno anthu amangoti ndi wa ziwalo ziwiri.

NamwinoWaKuZomba
Agogo, mwafunsa bwino, chifukwa ambiri amasakaniza nkhani ziwiri. Caster sanasinthe kanthu. Anabadwa, azamba anati mwana wamkazi, makolo anamulera ngati mtsikana, mapepala ake onse ndi a mkazi. Amene amabadwa amuna n'kudzasintha atakula ndi nkhani ina, ndipo bungwe loyendetsa masewero othamanga padziko lonse la World Athletics linawaletsa mu March 2023 kupikisana ndi akazi ngati anatha msinkhu ali anyamata.

Za Caster zili chonchi. Mwana akamaumbika m'mimba, masabata oyambirira onse amafanana. Akazi ambiri amakhala ndi ma chromosome a XX, amuna XY. Pa Y pamakhala jini yotchedwa SRY, yomwe imalamula kuti machende ayambe kupangika. Machendewo amatulutsa testosterone, ndipo thupi limasandutsa ina mwa iyo kukhala homoni ina yamphamvu yomwe imaumba maliseche a mwamuna kunja. Ana ena a XY amabadwa opanda chosandutsira chimenecho. Ndiye kunja amaoneka mtsikana, m'kati muli machende osatsika, chiberekero mulibe. Palibe amadziwa. Akafika pa msinkhu testosterone imakwera, mawu amakula, minofu imalimba, koma msambo osabwera. Pali enanso a XY omwe thupi lawo silimva testosterone ngakhale pang'ono. Amenewa amamera mawere, thupi lachikazi ndithu, ndipo homoniyo siwathandiza kanthu pothamanga.

Pa manambala: akazi ambiri testosterone yawo sipitirira 2 nmol pa lita imodzi ya magazi, pomwe amuna imayambira cha m'ma 8 kukafika pafupifupi 30. Mkangano wonse wagona pamenepo.

Ndinakumanapo ndi mtsikana wotere kuntchito. Anabwera ndi azakhali ake, wa zaka 17, anzake onse anavinidwa kalekale iye asanaonepo msambo. Anali atamwa zitsamba za mitundu yonse. Adokotala atamaliza kufotokoza zotsatira, mtsikanayo anangokhala akupotokola ngodya ya chitenje chake, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndiye kunyumba ndikanene kuti ndine ndani?" Tinali m'kachipinda kotseka, anthu anayi okha. Caster funso lomweli linamupeza ali ndi zaka 18, dziko lonse likuwerenga m'nyuzipepala.

MphunzitsiOpuma
Zikomo anamwino, tsopano ndamva. Ndiye mwanayu sananamize munthu aliyense. Mulungu ndiye anamuumba choncho.

WakuJoni
Ndinali ndili kale kuno mu 2009. Tsiku lomwe ankatsika ndege kuchokera ku Berlin, anthu anadzaza bwalo la ndege la OR Tambo, kuimba ndi kuvina, Winnie Mandela naye analipo. Kuno anthu anazitenga ngati chipongwe kwa dziko lonse. Kumbukirani kuti nkhani yoti akumuyeza inatuluka maola ochepa fainolo isanayambe. Mpikisano utatha Elisa Cusma wa ku Italy anati kwa iye Caster si mkazi, Mariya Savinova wa ku Russia anati tangomuonani. Savinova yemweyo ndi amene anadzamugonjetsa ku Daegu mu 2011 ndi ku London mu 2012, kenako anapezeka kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, mendulo zonse ziwiri n'kupatsidwa Caster patapita zaka. Wakuba weniweni ankaloza chala wosalakwa.

Koma mlandu suola. Mu July 2025 khothi la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula momukomera, oweruza 15 kwa 2.

Loya_Wamawa
Achimwene a ku Joni, pang'ono pokha, chifukwa ambiri akumva ngati wawina zonse. Njira yake inayenda chonchi. Mu April 2018 bungwe la World Athletics, nthawiyo likutchedwa IAAF, linati othamanga otere atsitse testosterone pansi pa 5 kwa miyezi 6 ngati akufuna kuthamanga mitunda yoyambira mamita 400 kufika mailosi imodzi. Caster anakasuma ku khothi la zamasewero la CAS ku Lausanne. Pa 1 May 2019 analuza, oweruza awiri kwa mmodzi. Khothilo linavomera kuti lamuloli ndi losankha, koma linati kusankhako n'kofunika kuti mipikisano ya amayi itetezedwe. Anachita apilo ku khothi lalikulu la Switzerland, analuzanso mu 2020. Ndiye anasumira dziko la Switzerland ku khothi la ku Ulaya lija ku Strasbourg. Chigamulo cha pa 10 July 2025 chikungoti khothi la Switzerland silinaunike mlandu wake mozama monga limayenera. Za lamulo lenilenilo sanagamule, silinafafanizidwe, ndipo linali litakhwima kale mu 2023: malire anatsika kufika pa 2.5, miyezi 24, mitunda yonse.

WakuJoni
Ndiye zaka zisanu ndi ziwiri m'makhothi, kuti angomuuza kuti sanakumvetsere bwino? Chigamulocho chinamupeza ali ndi zaka 34. Miyendo siyembekeza oweruza.

Tsabola_Kale
Bwanji osangomwa mankhwalawo n'kumathamanga? Ena amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku osadandaula.

NamwinoWaKuZomba
Anamwapo, achimwene. Kuyambira 2010 mpaka 2015 ankamwa mapiritsi olera kuti atsitse homoniyo, ndipo yekha ananena kuti ankamudwalitsa, nseru, kunenepa, kutuluka thukuta usiku, mtima kugunda ndi mantha. Odwala anga amamwa mapiritsi kuti achire. Uyu ankamwa kuti afooke, asakudwala kalikonse. Bungwe la madokotala la dziko lonse, World Medical Association, linauza madokotala mu 2019 kuti asatengeko mbali pa lamulo limeneli.

Ndipo mapiritsi ndi pang'ono. Funsani za Annet Negesa wa ku Uganda, amene anawina mamita 800 pa All-Africa Games ku Maputo mu 2011. Kutatsala masabata ochepa kuti apite ku London mu 2012 anauzidwa kuti sapita. Anakamuyeza ku France, kenako anamupanga opaleshoni ku Kampala n'kumuchotsa ziwalo za m'kati zija. Iye akuti sanamufotokozere kuti opaleshoniyo ndi yotani. Bungwe la World Athletics limakana kuti linamulangiza zimenezo. Chomwe sitingakane n'choti sanabwererenso pa liwiro lake, ndipo mu 2019 anakapempha malo othawirako ku Germany.

Liwiro800
Za Negesa zimandiliza, ndipo mapiritsi aja nanenso sindinawavomerezepo. N'chifukwa chake ndikuona kuti kuyeza kwatsopanoku n'kwabwinoko. Amangopukuta kathonje m'kati mwa tsaya kapena kutenga magazi pang'ono, kamodzi pa moyo wonse, kufufuza jini ya SRY ija. Aliyense amayezedwa, wa ku Norway ndi wa ku Burundi yemwe, wa tsitsi lalitali ndi wometa mpala. Kale ankayeza yekhayo amene wina wamukayikira, ndipo tonse tikudziwa nkhope zomwe zinkakayikiridwa. A Kamtedza, ngati vuto lanu ndi tsankho, njira iyi ndiye yochotsa tsankholo. Komanso aja omwe thupi lawo silimva testosterone ngakhale pang'ono, lamulo latsopanoli likuwalola.

Ndiloleni ndinene chifukwa chomwe ndaumirira. Gulu la amayi linakhazikitsidwa chifukwa cha thupi, osati chifukwa cha dzina. David Rudisha anaika rekodi ya amuna ya 1:40.91 ku London mu 2012. Rekodi ya amayi ndi 1:53.28. Kusiyana masekondi oposa 12, ndipo pali anyamata a kusekondale m'maiko ambiri amene amatsika pansi pa 1:53. Mzere ukapanda kukhalapo, Faith Kipyegon sitikanamudziwa, Odira sitikanamudziwa. Ine ndinkadzuka 4 koloko m'mawa kukathamanga mumsewu wafumbi, mchimwene wanga akunditsatira pa njinga ndi tochi poopa achiwembu. Ndinkabwerera kudzatunga madzi ndisanapite kusukulu. Masiku a msambo ndinkathamanga m'mimba mukupota. Ndikayima pa mzere ndimafuna kudziwa kuti onse asanu ndi atatu tanyamula mtolo wofanana. Kodi pamenepa ndikupempha zochuluka?

MayiWaSipoti
Achemwali a Liwiro, ndawerenga kawiri, ndipo za nsapato ndi za fainolo zija ndavomera, kope langa silinena zonse. Koma tamverani chomwe chinandichitikira, mwina muona pomwe mantha anga achokera.

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mtsikana wa fomu 2, wamtali, wa mapewa otambalala, wometa chifukwa sukulu imafuna choncho. Kwawo ankalima ndi kusenza nkhuni kuchokera kuphiri, thupi linali lolimba ngati mtengo wa tsanya. Pa mpikisano wa sukulu za m'boma lathu anawina mamita 800 ndi 1500 osavala nsapato, wachiwiri akubwera kutali. Asanapume n'komwe, aphunzitsi a sukulu ina anayamba kukuwa kuti tabweretsa mnyamata. Ana anatengera pomwepo, bwalo lonse "mwamuna! mwamuna!" Oyendetsa mpikisano anati mphoto sapereka mpaka aonedwe. Amayi awiri anamutengera m'kalasi, anatchinga zenera ndi chitenje, anyamata akukankhana panja kuti asuzumire. Ine ndinalowa nawo. Ndinayenera kukana, sindinakane, ndinkaganiza kuti zikatha msanga tipita kwathu ndi chikho. Anatuluka atapatsidwa mphoto yake, makope asanu ndi sopo, atazikumbatira pachifuwa, maso pansi. M'galimoto pobwerera sanayankhule. Lolemba sanabwere ku masewero. Ndinapita kwawo katatu, mayi ake anandiuza kuti mwana wawo sanamuberekere kuvulidwa pagulu. Sanathamangenso.

Mwana ameneyu analibe vuto lina lililonse m'thupi. Chomwe chinamuvula ndi maganizo oti mtsikana wothamanga kwambiri ndi wokayikitsa. Inu mukuti kathonje ka m'tsaya n'kaulemu. Ku Tokyo mwina n'kaulemu. Koma uthenga ukamatsika kuchokera ku Monaco, kulikulu la World Athletics, kufika pa bwalo la fumbi la kwathu kuno, kathonje kamatsalira m'njira, chomwe chimafika ndi chilolezo chokayikira. Kuno kulibe labu. Kuli kalasi ndi chitenje.

Nachisale_265
Amayi mwandiliza. Tabitha Chawinga naye adanenapo yekha poyera kuti ali wamng'ono adamuvula pa masewero a mpira konkuno kumudzi kuti aone ngati ali mkazi. Lero tikumuimbira m'manja akugoletsa ku France. Ndi angati anasiyira panjira ngati mwana wanuyo?

MnyamataWaKuChipata
Ife ku Zambia tinaziona ndi Barbra Banda. Pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 anagoletsa zitatu kwa Netherlands, zitatu kwa China, magemu otsatizana. Chaka chotsatira pa WAFCON, mpikisano wa mpira wa amayi wa mu Africa, ku Morocco anamusiya kunja pa nkhani ya mahomoni yomweyi, kaputeni wathu kuonerera ali pa mpando. Mu 2023 anasewera World Cup popanda vuto. Munthu mmodzimodzi, thupi lomwelo, chaka chino ndi mkazi, chaka chamawa ayi, chinacho ndi mkazi. Atawina mphoto ya BBC mu 2024 anamutukwana pa intaneti anthu oti sanaonerepo ngakhale gemu imodzi ya Copper Queens.

Tsabola_Kale
Koma Copper Queens pa WAFCON mu 2025 munatikhumudwitsa, Nigeria kukuthirani 5 kwa duu.

MnyamataWaKuChipata
Zinatipweteka zedi, koma ife timafikako ku ma quarter final. Tidzakambirana Scorchers ikadzafika pamenepo.

Nachisale_265
Tidzafika, Temwa ndi Tabitha alipo. COSAFA ya 2023 tinakumenyani mu fainolo, musaiwale.

MphunzitsiOpuma
Ana inu bwererani pa nkhani, za mpira zili ndi tsiku lake. Ine ndikufuna kufunsa za rekodi yomwe yatchulidwa ija, 1:53.28. Ndi ya ndani, ndipo bwanji Caster sanaiphwanye ngati anali ndi mphamvu za mwamuna?

KalembaWaZaka
Ndi ya Jarmila Kratochvílová wa ku Czechoslovakia, anaiika ku Munich mu July 1983. Zaka zoposa 40 tsopano, ndi rekodi yakale kuposa zonse pa masewero othamanga. Inachitika m'nyengo yomwe maiko a kum'mawa kwa Ulaya ankadziwika ndi kumwetsa othamanga mankhwala, ngakhale iye sanagwidwepo ndipo amakana mpaka lero. Yomwe waphwanya Odira Lamlungu ndi ina ya mayi yemweyu, 1:54.68 ya mpikisano wa dziko lonse ku Helsinki, 1983 yomweyo. Pamela Jelimo wa ku Kenya nayenso ali patsogolo pa Caster ndi 1:54.01 ya mu 2008.

Koma ndikufuna kuyankha a Liwiro pa zoti kuyezaku n'kwatsopano. Si kwatsopano, kunayesedwa n'kutayidwa. Mu 1966 ku Budapest ankawavula amayi pamaso pa madokotala. Zitanyansa anthu, mu 1968 anayamba kupukuta m'tsaya kufufuza ma chromosome. Mu 1985 María José Martínez-Patiño wa ku Spain, wodumpha zotchinga, analephera mayesowa ku Kobe. Anamulangiza kuti anamizire kuvulala n'kusiya mwakachetechete. Atakana, nkhani inatuluka m'nyuzipepala, anamuchotsa pa malo ogona othamanga, chibwenzi chinatha. Anamubwezera mu 1988 zitadziwika kuti thupi lake silimva testosterone. Ku Atlanta mu 1996 anayeza jini ya SRY yomweyi kwa amayi 3,387. Asanu ndi atatu anapezeka nayo, ndipo onse analoledwa kupikisana ataunikidwa bwino. Mu 1999 komiti ya Olympics inasiya kuyeza aliyense. Ngakhale Andrew Sinclair, wasayansi amene anatulukira jini imeneyi mu 1990, analemba mu 2025 kutsutsa kuti jini imodzi isagwiritsidwe ntchito motere. Ku France malamulo a dziko salola kuyeza majini popanda chifukwa cha chipatala, moti othamanga awo anachita kukayezetsa kunja.

Liwiro800
Mbiri imeneyo ndi yoona ndipo ndi yochititsa manyazi. Koma anasiya mu 1999, n'chiyani chinalowa m'malo? Kukayikira ndi maso. Santhi Soundarajan wa ku India analandidwa siliva wa mamita 800 wa Asian Games mu 2006 dziko lonse likuonerera, kenako anakayikira Caster mu 2009, kenako Dutee Chand wa ku India mu 2014. Onsewa ananyozeka nthawi yomwe kuyeza aliyense kunalibe. Bola kudziwa mwakachetechete usanatchuke kusiyana ndi kudziwira pa wailesi mendulo ili m'khosi.

MayiWaSipoti
Mwakachetechete kwa ndani, achemwali? Mtsikana wasankhidwa kupita kunja, mudzi wonse wamva, amfumu adalitsa, kutchalitchi apemphera. Kenako dzina lake lachoka pa mndandanda popanda chifukwa. Zotsatira zimadutsa m'manja mwa bungwe la dziko lake. Inu mukudziwa mmene chinsinsi chimayendera m'maofesi mwathu muno. Ndani akakhale naye pansi kumufotokozera monga anachitira adokotala a anamwino aja? Ndani akayankhule ndi mayi ake?

Loya_Wamawa
Ndiwonjezere za umboni, chifukwa ndi pomwe bungweli linafooka. Dutee Chand atasuma, CAS inaimitsa lamulo loyamba mu 2015, la malire a 10, n'kuuza IAAF kuti ibweretse umboni. Kafukufuku wawo wa 2017 anaonetsa phindu pa mamita 400, 400 ya zotchinga, 800, kuponya hamala ndi kudumpha ndi ndodo. Lamulo litatuluka, hamala ndi ndodo munalibe, koma 1500 ndi mailosi zinalowamo, mitunda yomwe Caster ankathamanga. Mu 2021 olemba kafukufukuyo anakonza zolemba zawo, kuvomera kuti sanatsimikize kuti testosterone ndiyo inkachititsa. Apa n'kuti Caster ataphonya kale Olympics ya ku Tokyo.

Zotsatira zake zinali zosokoneza mutu. Christine Mboma wa ku Namibia analetsedwa mamita 400 mu 2021, anapita pa 200 n'kutenga siliva wa Olympics. Niyonsaba anasamukira ku mitunda italiitali, n'kuika rekodi ya dziko lonse ya mamita 2000 ku Zagreb chaka chomwecho.

Liwiro800
Mwandithandiza kunena mfundo yanga, a Loya. Munthu wa 400 kusamukira pa 200 miyezi yochepa n'kutenga siliva wa Olympics, wa 800 kukaphwanya rekodi ya 2000, zimenezi sizichitika wamba. Zikuonetsa kuti phindu lilipo paliponse.

Kamtedza77
Nanga Caster atapita pa mamita 5000 ku Eugene mu 2022 bwanji sanadutse ndi chigawo choyamba chomwe? Phindulo linapita kuti?

Liwiro800
Thupi lake ndi la 800, lolemera minofu. Rudisha nayenso sakanawina 5000. Sindinanene kuti homoni imathamanga yokha, Caster ankalimbikira zedi, ndipo sindimuda. Ndikungoti pa akazi anzake anali ndi chinthu chomwe iwo sangachipeze ngakhale atalimbikira chotani.

MwanaWaKuTete
Ife a ku Mozambique tili ndi Maria Mutola, golide wa mamita 800 ku Sydney mu 2000, katswiri wa dziko lonse mu 1993, 2001 ndi 2003. Anayambira kusewera mpira ndi anyamata ku Maputo, mlakatuli José Craveirinha ndiye anamuona n'kumukokera ku zothamanga. Anthu ankamunena za minofu yake zaka zonse. Ndipo ndi iye amene anadzakhala kochi wa Caster pokonzekera London 2012. Mayi amene anathamanga mtunda umenewu pa ma Olympics asanu ndi limodzi, wodziwa kuwawa kwake kuposa tonse pano, anasankha kumugwira dzanja. Ine zimenezo zimandiuza kanthu.

Tsabola_Kale
Bwanji osangowapangira gulu lawolawo lachitatu, nkhani ithe?

NamwinoWaKuZomba
Alipo angati oti adzaze mizere isanu ndi itatu? Ndipo ndani angavomere kuima pa mzere umene ukulengeza za m'mimba mwake kwa dziko lonse? M'maiko ena kuno ku Africa kudziwika kotero kukhoza kumuphetsa munthu.

Kamtedza77
Mulimonsemo cholinga chawo sichinatheke. Anachotsa Caster kuti azungu awine, ku Doha mu 2019 anawina Halimah Nakaayi wa ku Uganda, ku Budapest mu 2023 Mary Moraa, pano Odira.

Liwiro800
Achimwene, taonani bwino maina mwatchulawo. Nakaayi, Moraa, Odira. Amenewa ndi akazi a ku Africa, ndipo ndi amene apindula. Mukamanena kuti nkhaniyi ndi ya azungu kulimbana ndi ife, atsikana awa mukuwaika mbali iti? Kirsty Coventry, mtsogoleri watsopano wa komiti ya Olympics, ndi wa ku Zimbabwe konkuno, ndipo naye wanena kuti gulu la amayi liyenera kutetezedwa.

Koma amayi a Sipoti, nkhani ya mwana wanu ija yandikhala mumtima usiku wonse. Nanenso ankanditcha "chimwamuna" ndikamadutsa pamsika ndi kabudula. Pamenepo tili limodzi. Kuvula mwana m'kalasi si lamulo la World Athletics kapena la wina aliyense, ndi nkhanza, ndipo wochita zimenezo ayenera kukayankha kupolisi.

Loya_Wamawa
Zoonadi. Lamulo la SRY likukhudza mipikisano yowerengedwa pa mndandanda wa dziko lonse, osati ya sukulu. Palibe mphunzitsi, refa kapena wapampando wa komiti amene ali ndi mphamvu yoyeza thupi la mwana. Amayi, ngati mukufuna ndikulembereni kalata yaifupi yoti muzipita nayo ku mipikisano, yonena zimenezi momveka, oyendetsa asayine mpikisano usanayambe.

MayiWaSipoti
Ndilembereni, bambo, ndikufuna ndikhale nayo m'chikwama mwezi wamawa. Ndili ndi mtsikana wina wa fomu 1 amene wayamba kusiya anzake ndi theka la bwalo, ndipo ndamva kale manong'onong'o. A Liwiro, pa za Tokyo sitinagwirizane, ine ndikuonabe kuti Caster anamulakwira ndipo palibe anapepesa. Koma ngati muli kufupi ndi Lilongwe bwerani mudzamuone mwanayu Loweruka lina, amathamanga raundi yoyamba ngati akuthawa moto, yachiwiri n'kutheratu. Ine ndalephera kumuphunzitsa kugawa mphamvu.

Liwiro800
Ndibwera. Pakadali pano muyezereni mamita 200 ndi chingwe, azithamanga kasanu ndi kamodzi pa liwiro limodzi, kupuma mphindi ziwiri pakati, inu muli ndi wotchi m'manja. Akathamangitsa yoyamba muyambitseninso. Nsapato amavala saizi yanji? Ndili ndi zanga zakale za misomali, 6, zikadali zolimba.

MayiWaSipoti
Amavala 7, koma bweretsani tidzayese.